Khansa ya prostate ikafalikira m'thupi: mankhwala ake, ululu wake ndi anthu oyenda nawo

Amuna ambiri kuno kwathu amamva dzina la khansa ya prostate matendawo atapita kale patali. Chimene chimawafikitsa kuchipatala nthawi zambiri ndi msana umene wakhala ukuwawa miyezi ingapo, chiuno chophwanya usiku, kapena mkodzo umene watsekeka mwadzidzidzi mpaka chinena kutupa. Ena amakhala atamwa kale mankhwala a chinzonono kapena a likodzo, ena atauzidwa kumudzi kuti ndi kanyera. Adokotala akangoti "yafalikira", pabanja pamagwa zii, ndipo ambiri amamva ngati awauza kuti akayambe kufunafuna matabwa a bokosi.

Tisabisane, khansa imeneyi ikafalikira siichizika kwathunthu. Komabe ili m'gulu la khansa zimene zimamvera mankhwala ngakhale zitafika m'mafupa, ndipo amuna ambiri amakhala nayo zaka, akulima, akupita kutchalitchi kapena kumzikiti, akulera adzukulu. Chimene chimawagwetsa msanga kawirikawiri ndi mipata: jakisoni amene wadumphidwa, mankhwala a ululu omwedwa pokhapokha zikafika povuta, kudzimbidwa kumene palibe anakuganizira, miyendo yofooka imene anthu anati tiyionere mawa. Matenda awa amasamalidwa ndi kalendala ndi wotchi.

Zimene zikuchitika m'thupi

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha, kali pansi pa chikhodzodzo, kutsogolo kwa thumbo lotulutsa chimbudzi. Mwa mnyamata kamalemera pafupifupi magalamu 20, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake ngati ulusi mu mkanda. Ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Munthu akamakalamba kachiwaloka kamakula, ndipo kukula kumeneko mwa amuna ambiri si khansa ayi. N'chifukwa chake kuvutika pokodza pakokha sikutsimikiza kanthu. Adokotala amapima ndi chala kudzera kumbuyo kuti amve ngati prostate yalimba kapena ili ndi timibulu, amayeza magazi otchedwa PSA, ndipo akatha amadula kanyama pang'ono kuti kakaonedwe ku labu. Kanyamako amakapatsa nambala ya Gleason, kuyambira 6 mpaka 10. Nambala ikakwera ndiye kuti khansayo ndi yaukali. PSA yopitirira 4 imafuna kufufuzidwa, koma mwa munthu amene khansa yamufalikira imatha kufika mazana ngakhale masauzande.

Khansayi ikachoka mu prostate imakonda kukakhala m'mafupa: msana, chiuno, nthiti ndi fupa la ntchafu. Imapitanso m'anabere a m'mimba ndi m'mphechepeche, ndipo pamenepo mwendo umatha kutupa. Pa X-ray mafupa ogwidwawo amaoneka oyera kwambiri ngati olimba, pamene kwenikweni ndi osachedwa kuthyoka. Kuno kwathu adokotala amayenera kusiyanitsanso ndi TB ya msana, imene imayamba mofanana koma mankhwala ake ndi ena.

Kuimana chakudya chake

Khansa ya prostate imakula ndi testosterone, homoni yachimuna imene pafupifupi yonse imapangidwa m'machende. Dokotala wina wa ku Chicago, Charles Huggins, anaonetsa mu 1941 kuti homoniyi ikachotsedwa zotupa zimafota ndipo ululu wa m'mafupa umachepa. Mu 1966 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Kufikira lero maziko a chithandizo ndi omwewo. Njira zake ndi ziwiri.

Yoyamba ndi jakisoni. Wodziwika kwambiri ndi goserelin, amene ambiri amamutchula kuti Zoladex, wobayidwa pansi pa khungu la pamimba: wa 3.6 mg pakatha masiku 28 aliwonse, kapena wa 10.8 mg pakatha masabata 12. Wina ndi leuprorelin. Majakisoni awa ali ndi khalidwe limene wodwala ayenera kulidziwa. Pa sabata yoyamba kapena masabata awiri oyamba amayamba akweza testosterone asanaitsitse. Kwa munthu amene khansa ili mumsana, kapena amene mkodzo ukutuluka movutikira, kukwera kwa masiku ochepako kungawonjezere ululu, kutseka mkodzo, ngakhale kupanikiza mtsempha wa mumsana. Pofuna kutchinga zimenezi adokotala amapereka mapiritsi a bicalutamide, 50 mg tsiku lililonse, kuyamba masiku angapo jakisoni woyamba asanabayidwe ndi kupitiriza kwa masabata 3 kapena 4. Ngati mwapatsidwa jakisoni woyamba popanda mapiritsiwa, funsani chifukwa chake musanachoke.

Vuto lalikulu la jakisoni ndi lakuti safuna kujomba. Mwezi ukadumpha chifukwa mankhwala atha kufamase kapena ndalama ya minibasi yasowa, machende amayambanso kupanga homoni ija, khansa n'kudzuka. Tsiku la jakisoni wotsatira lilembedwe m'buku la kuchipatala ndi pakalendala ya pakhoma, ndipo wina m'banjamo alisunge pafoni.

Njira yachiwiri ndi opaleshoni yochotsa machende, amene amapanga homoniyo. Ndi yaifupi, imatheka atachititsa dzanzi malo okhawo osagonetsa munthu, ndipo testosterone imatsika mkati mwa tsiku limodzi, popanda kukwera koyamba kuja. Imachitika kamodzi basi. Pali kachitidwe kena kamene amakokolola zam'kati n'kusiya chikopa cha tchende, kuti thumba lisaoneke lopanda kanthu. Apa m'pamene amuna ambiri amabwerera m'mbuyo, chifukwa mawu amene amabwera m'mutu ndi kuthenedwa ngati ng'ombe ya pangolo. Mantha amenewa ndi omveka ndipo sayenera kusekedwa. Koma zoona zake n'zakuti jakisoni amachita m'thupi zomwezo zimene opaleshoni imachita. Mawu sasintha kukhala achikazi, ndipo munthu sasiya kukhala bambo wa ana ake. Kwa munthu wokhala kutali ndi chipatala chachikulu, amene sangatsimikize kuti jakisoni adzamupeza pa nthawi yake kwa zaka, ife timaona kuti opaleshoni ndi imene imamuteteza bwino. Kuipa kwake n'kwakuti sibwezeka, choncho munthu asakakamizidwe. Apatsidwe mpata wokambirana ndi akazi awo, komanso ndi mwamuna mnzake amene anadutsamo.

Njira zonse ziwiri zimabwera ndi mtolo wake. Chilakolako cha kuchipinda chimatsika ndipo mphamvu yachimuna imafooka kapena kutha. Thupi limatentha mwadzidzidzi, thukuta kamukamu, makamaka usiku. Zovala zopepuka zimathandiza, pamene mowa, tsabola ndi tiyi wotentha kwambiri zimawonjezera. Mimba imakula, minofu imachepa, mabere amatha kutupa ndi kuwawa, munthu amatopa msanga ndipo ena amagwidwa ndi chisoni chimene sachimvetsa. Shuga ndi BP zimatha kukwera, ndiye ziziyezedwa. Mafupa amapyapyala, ndipo apa zothandiza zili pafupi: kuyenda pansi mphindi 30 masiku ambiri ngati mafupa akulola, kuothera dzuwa, kudya usipa, matemba ndi bonya pamodzi ndi minga yake, kusiya fodya. Mankhwala owonjezera mphamvu zachimuna ogulitsidwa m'misika ndi pa intaneti apewedwe, chifukwa ena amakhala ndi testosterone yeniyeniyo, chakudya cha khansa.

Ikayamba kugonthera mankhwala

Pakapita nthawi, kwa ena chaka ndi theka kapena ziwiri, kwa ena zaka zambiri, khansa imaphunzira kukula ngakhale homoni ili yochepa. PSA imayambanso kukwera, ululu umabwerera. Pamenepa jakisoni sasiyidwa. Amawonjezerapo mankhwala ena. Masiku ano, ngati thupi la munthu lili ndi mphamvu, madokotala amawonjezera mankhwalawa kuyambira pachiyambi osadikira, chifukwa kafukufuku wamkulu anaonetsa kuti kutero kumatalikitsa moyo.

Ena mwa mankhwalawa ndi kemo, mankhwala amphamvu opha khansa. Kemo yogwiritsidwa ntchito ndi docetaxel, ya m'diripi, pakatha masabata 3 aliwonse, kawirikawiri maulendo 6. Tsitsi limathothoka, zala zimachita dzanzi, m'kamwa mumatuluka zilonda. Choopsa chili pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni diripi, pamene chitetezo cha m'magazi chimatsika kwambiri. Thupi likatentha kufika madigiri 38 pa masiku amenewa, musagule LA kugolosale poganiza kuti ndi malungo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ndipo munene pakhomo pomwe kuti muli pa kemo. Banja lililonse limene lili ndi wodwala wa kemo likhale ndi choyezera kutentha kwa thupi.

Mankhwala ena ndi mapiritsi a abiraterone, amene amatseka homoni yotsala yopangidwa kwina m'thupi. Mlingo wake ndi 1,000 mg kamodzi patsiku, m'mimba mulibe kanthu: patadutsa maola 2 chidyereni, ndipo osadya kwa ola limodzi mutamwa. Chakudya chimachulukitsa kwambiri mankhwala olowa m'magazi. Pachifukwa chomwecho madokotala ena, pofuna kuchepetsa mtengo, amalemba 250 mg womwera pamodzi ndi kadzutsa wopanda mafuta ambiri. Imeneyo ndi nkhani yogamula adokotala, si yoyesera kunyumba. Abiraterone amayendera limodzi ndi prednisolone, amene sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo BP, chiwindi ndi mchere wa potassium m'magazi ziyenera kuyezedwa pafupipafupi. Uzani adokotala mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikiza ma ARV, a TB ndi azitsamba; rifampicin wa TB, mwachitsanzo, amafooketsa abiraterone. Polimbitsa mafupa pali zoledronic acid wa m'diripi, koma mano ovunda achotsedwe kaye ndipo impso ziyezedwe, chifukwa kuzula dzino munthu ali kale pa mankhwalawa kungasiye chilonda cha nsagwada chosapola.

Ngati pali fupa limodzi limene likuwawa koposa, radiotherapy, yomwe ndi kuwotcha khansa ndi cheza cha makina, imathandiza kwambiri, ndipo nthawi zambiri ulendo umodzi umakwanira. Ululu umatha kukwera masiku awiri kapena atatu oyamba, kenako n'kutsika m'masabata otsatira. Kwa zaka zambiri Amalawi ankayenera kutuluka m'dziko kuti apeze makina amenewa. Tsopano ayamba kupezeka ku Blantyre ndi ku National Cancer Centre ku Lilongwe, ndipo ku Lusaka kuli Cancer Diseases Hospital.

Msana: tsiku limene simuyenera kudikira

Ngati pali chinthu chimodzi choti banja liloweze pamtima, ndi ichi. Chotupa cha m'fupa la msana chimatha kupanikiza mtsempha waukulu umene umayendetsa miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. Zizindikiro zake: ululu wa msana watsopano kapena wokula msanga, womanga ngati lamba pachifuwa kapena pamimba, wowonjezeka pogona chagada, potsokomola kapena poyetsemula, miyendo yolemera, kupunthwa, kulephera kudzuka pampando, dzanzi m'miyendo, m'matako kapena kumaliseche, mkodzo kapena chimbudzi kukanika, kapena kutuluka munthu osamva.

Apa nthawi imawerengedwa m'maola. Munthu amene wafika kuchipatala akuyendabe, nthawi zambiri amapitiriza kuyenda. Amene wafika miyendo itafa masiku angapo kawirikawiri sayendanso. Mukaona zizindikirozi mugonekeni wodwalayo chagada pa chinthu cholimba, chitseko kapena thabwa, osamupinda msana, osamukweza pa kabaza kapena njinga yamoto, ndipo pezani galimoto tsiku lomwelo. Kuchipatala amayamba ndi dexamethasone, kawirikawiri 16 mg patsiku, kuti kutupa kutsike, kenako radiotherapy kapena opaleshoni. Kwa amene sanayambe chithandizo cha homoni, kuchotsa machende mwachangu kumatha kupulumutsa miyendo. Kutema mphini pamsana kapena kuthowa ndi madzi otentha kumangodya maola amene sabwerera.

Za mkodzo n'zachidule koma zimavutitsa tsiku ndi tsiku. Ukatsekeka amaika paipi. Thumba lake likhale pansi pa chiuno nthawi zonse kuti mkodzo usabwerere, likhuthulidwe lisanadzaze, ndipo paipi imangidwe pantchafu kuti isakokeke. Malo amene yalowera atsukidwe ndi sopo ndi madzi tsiku lililonse. Imwani madzi okwana pafupifupi malita 2 patsiku pokhapokha adokotala ataletsa. Paipi imasinthidwa pakatha masabata 4 mpaka 12 malinga ndi mtundu wake. Thumba likakhala louma maola angapo chinena chikuwawa, onani kaye ngati paipi yapindika. Ngati sinapindike yatsekeka, ndipo yofunika kusinthidwa lero. Kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena magazi oundana mumkodzo, ndi zakuchipatala.

Ululu

Pali chikhulupiriro chakuti mwamuna salira, ndipo chimazunza abambo ambiri pachabe. Ululu wa khansa ya m'mafupa umagonja kwa mankhwala otsika mtengo, ngati amwedwa moyenera. Lamulo lake, limene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linafalitsa mu 1986, n'lakuti mankhwala amwedwe pakamwa, motsata wotchi, ndipo akwezedwe sitepe ndi sitepe. Motsata wotchi kutanthauza kumwa nthawi ikakwana ngakhale ululu kulibe. Ukadikira kuti ubwere, umafuna mankhwala ambiri kuti ugonje, ndipo munthu amakhala tsiku lonse akuopa ola lotsatira.

Sitepe yoyamba ndi paracetamol, amene ambiri timati panado: 1 g, ndiye kuti mapiritsi 2 a 500 mg, pakatha maola 6 aliwonse, osapitirira 4 g patsiku, ndipo wochepa thupi kwambiri kapena wodwala chiwindi amwe wocheperapo. Ibuprofen, 400 mg katatu patsiku mutadya, amathandiza bwino pa mafupa, koma ndi woopsa kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena impso zofooka, ndipo khansa imeneyi imakonda kuwononga impso potseka njira za mkodzo. Musamaphatikize ibuprofen, diclofenac ndi indocid. Onsewo ndi a banja limodzi ndipo pamodzi amaboola m'mimba. Ululu ukapitirira pali codeine kapena tramadol, koma ululu waukulu usachedwetsedwe pamenepo. Mankhwala ake ndi morphine.

Morphine wamadzi amamwedwa pakatha maola 4 aliwonse. Ambiri amayamba ndi 2.5 mg kapena 5 mg. Ndondomeko imene anamwino ambiri amalemba ndi iyi: 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, kenako 10 koloko usiku mlingo wowirikiza kawiri kuti wodwala ndi womusamalira asadzuke 2 koloko usiku. Tiyerekeze bambo amene akumwa 5 mg. Patsiku ndi 30 mg. Ululu ukabuka pakati pa maolawo amamwa mlingo wowonjezera wofanana ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a tsiku lonse, ndiye 5 mg, ndipo mlingo wotsatira umamwedwabe pa nthawi yake. Wowonjezera aliyense alembedwe m'kope. Ngati dzulo anamwa owonjezera 3, ndiye kuti thupi linafuna 45 mg, ndipo namwino akaona kopelo adzakweza mlingo kufika 7.5 mg pa maola 4. Popanda kope namwino amangopenekera.

Cholakwika choopsa kwambiri chimachitikira pa botolo. Morphine wamadzi amabwera wamphamvu ziwiri: wofooka wokhala ndi 5 mg mu 5 ml, ndi wamphamvu wokhala ndi 50 mg mu 5 ml. Mlingo wa 5 mg ndi 5 ml pa botolo loyamba koma 0.5 ml pa lachiwiri. Amene wazolowera kudzaza sirinji mpaka pa 5, akapatsidwa botolo lamphamvu osauzidwa, apereka mlingo wochuluka kakhumi. Nthawi iliyonse mukalandira botolo latsopano werengani chizindikiro chake namwino ali pomwepo, ndipo mumupemphe ajambule mzere pa sirinji pamene muyenera kulekezera. Yezani ndi sirinji yopanda singano, osati supuni ya tiyi, chifukwa masupuni amasiyana kukula. Thirani pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya. Botolo likhale pamalo okhoma, kutali ndi adzukulu. Mlingo ukakhazikika ena amasinthidwa kupita pa mapiritsi a morphine otchedwa MST, omwa pakatha maola 12; amenewa satafunidwa kapena kuperedwa, chifukwa mankhwala a maola 12 angalowe m'magazi nthawi imodzi.

Aliyense womwa morphine amadzimbidwa, ndipo thupi silizolowera. Mankhwala ofewetsa m'mimba ayambe tsiku lomwelo: bisacodyl 5 mg kapena 10 mg usiku, madzi ambiri, papaya wakupsa, masamba, gaga m'phala. Magulu osamalira odwala m'mayiko a kuno amagwiritsanso ntchito njere zouma za papaya zopera. Masiku 3 akadutsa popanda chimbudzi uzani namwino, chifukwa kudzimbidwa kumawonjezera ululu, kumatseka mkodzo ndipo kumasokoneza mutu wa munthu wokalamba. Mseru ndi tulo zimabwera masiku oyamba n'kutha zokha. Metoclopramide amathandiza pa mseru. Koma munthu akamalephera kudzutsika, akupuma mwapatalipatali, thupi likudzidzimuka, musapereke mlingo wotsatira, funani thandizo msanga. Kawirikawiri zimenezi zimachitika impso zikafooka ndipo morphine akuunjikana.

Mabanja ambiri amaopa kuti morphine ndi mankhwala a munthu amene akutsirizika, kapena kuti adzamupengetsa ngati chamba. Akamwedwa pa mlingo woyenera chifukwa cha ululu safupikitsa moyo, ndipo anthu amamwa miyezi ngakhale zaka akuyenda ndi kugwira ntchito. Ululu ukatsika, mwina radiotherapy itagwira, mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono, osati kusiya tsiku limodzi. Konzekerani kukatenga botolo lina kudakali masiku 5 kapena 7 kuti lithe.

Ululu wina morphine saugwira bwino: woyaka ngati moto, wobaya ngati singano, wotsika mwendo ngati magetsi. Umenewu ndi wa mitsempha, ndipo umafuna amitriptyline, 12.5 mg kapena 25 mg usiku, kapena gabapentin. Amitriptyline amatha kutseka mkodzo mwa munthu amene alibe paipi, ndiye adokotala adziwe mmene mukukodzera. Pofotokoza ululu musangoti "kukuwawa". Lozani malo, nenani mtundu wake, nthawi imene umakula, ndipo upatseni nambala kuyambira 0 mpaka 5 pa zala za dzanja.

Chisamaliro chotere chili ndi eni ake. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kuli Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo zipatala zambiri za maboma ndi za mishoni zili ndi anamwino ophunzira ntchitoyi; bungwe la Palliative Care Association of Malawi ndi limene limalimbikitsa ntchito imeneyi m'dziko muno. Kutumizidwa kumeneko sikutanthauza kuti adokotala akutayani. Kumayendera limodzi ndi jakisoni ndi kemo, ndipo ndi bwino kuyamba msanga.

Anzako odwala nawo

Pali mafunso amene bambo wa zaka 68 sangafunse dokotala wamsinkhu wa mwana wake, makamaka wamkazi. Kodi akazi anga ndiwauza bwanji kuti za kuchipinda zatha? Thumba la mkodzo ndilibisa bwanji m'thalauza popita kumaliro? Fungo nditani nalo? Amene amayankha bwino ndi mwamuna mnzake amene wavala paipi chaka chathunthu. Iye ndi amene anganene kuti thumba laling'ono lomanga pamwendo ndi la masana, lalikulu ndi la usiku. Kuti mwamuna ndi mkazi angagone mphasa imodzi, kugwirana ndi kucheza ngakhale zina zitasiya. Kuti khansa iyi sipatsirana pogonana kapena podyera mbale imodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi lolemera.

Gulu lotere silifuna ofesi. Malo osavuta ndi tsiku la kiliniki, pamene anthu abwera kale ndipo akudikira pabenchi. Anthu 6 mpaka 10 pansi pa mtengo kwa ola limodzi akwana. Pakati pa misonkhano gulu la WhatsApp limathandiza kudziwitsana ngati jakisoni wafika kufamase, kuti munthu asawononge ndalama ya ulendo pachabe. Mayina ndi masiku a jakisoni akalembedwa m'kope limodzi, amene wajomba amaimbiridwa foni sabata yomweyo. Magulu ena amasonkha kangachepe ngati banki m'khonde kuti wosowa thiransipoti abwereke. Namwino azibwera nthawi ndi nthawi kudzawongola zimene zapotoka.

Magulu amawonongeka m'njira zodziwika. Wina amayamba kugulitsa mankhwala azitsamba kapena timabotolo ta kunja tolonjeza kuchiza khansa, anthu n'kusiya jakisoni. Wina amagawira mnzake morphine wake pomumvera chisoni, osadziwa za impso za mnzakeyo. Ena amapikisana manambala a PSA, pamene nambala ya munthu imayerekezedwa ndi yake yakale, osati ya mnzake. Wina amatulutsa kunja zimene zinanenedwa m'gulu, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe amayankhulanso zakukhosi. Malamulo a zinthu zimenezi anenedwe poyera pa msonkhano woyamba ndi kubwerezedwa kukabwera mlendo. Ndipo tsiku lidzafika loti mmodzi wamwalira. Gulu limene limangopitirira ngati palibe chachitika limabalalika, chifukwa aliyense amadziona yekha pa mpando wopanda munthuwo. Ndi bwino kumutchula dzina, kukapepesa kubanja, ndi kulola anthu kunena mantha awo.

Amayi osamalira odwalawa amafunika nthawi yawoyawo, amuna kulibe. Ndi iwo amene amadzuka usiku, kuchapa zofunda, kutembenuza wodwala pakatha maola 2 aliwonse kuti asatuluke zilonda pamatako ndi pazidendene, kwinaku munda ukudikira. Ntchitoyi igawidwe ndi mayina ndi masiku: uyu wa mankhwala, uyu wa maulendo a kuchipatala, uyu wolowa m'malo Loweruka kuti mayi apume. Achibale a ku Joni kapena ku Ulaya amathandiza kwambiri akamatumiza ndalama yodziwika pa tsiku lodziwika, kusiyana ndi yambiri yobwera mwadzidzidzi. Ndipo chizolowezi chobisira wodwala matenda ake, achibale onse akudziwa, chimamulanda mpata wokonza zinthu zake. Mufunseni kuti akufuna kudziwa zochuluka bwanji. Ambiri amakhala atazindikira kale, akungosowa woyamba kuyankhula. Munthu akadali ndi mphamvu ndi nzeru zake alembe wilo ndi kusainira pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirapo kanthu. Ku Malawi lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa mkazi ndi ana, koma pepala lolembedwa limatseka mikangano isanayambe.

Nkhani yotsala ndi ya ana aamuna ndi abale a wodwalayo. Khansa iyi imayenda m'magazi a pabanja, ndipo imagwira amuna akuda kwambiri. Ku Britain amawerengera kuti mmodzi mwa amuna akuda 4 aliwonse adzapezeka nayo pa moyo wake, pamene mwa amuna onse ndi mmodzi mwa 8. Amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwala akambirane ndi adokotala zoyezetsa PSA akafika zaka 45, ngakhale akukodza bwinobwino, chifukwa ikamayamba siipweteka, ndipo ikapezeka isanatuluke mu prostate imachizika ndi opaleshoni kapena radiotherapy. Popita kukayezetsa asakhale ndi matenda a m'njira ya mkodzo, asakhale atangoikidwa paipi, ndipo apewe kugonana kwa masiku 2, chifukwa zonsezi zimakweza PSA ndipo zingamuopseze pachabe.